Maikolofoni ya Atate

Ndikukumbukira fungo la mtovu wosungunuka m'nyumba yathu ya ku Kabwata, chaka chimene mawu a atate anayamba kutha. Atate anali makanika wa mathiraki, koma mtima wawo unali pa wailesi yolankhulirana imene inkakhala pabalaza. Loweruka masana ankacheza ndi anzawo a ku Chelstone ndi ku Woodlands, ena oti sanaonanepo nawo n'komwe.

Kenako pakhosi pawo panatuluka chotupa. Atabwerako kuchipatala, ankalankhula monong'ona, ndipo anzawo pa wailesi ankangoti, "Ba Zulu, bwelezani, sitimvela."

Atate sanagonje. Anamasula maikolofoni n'kuchotsamo kachipangizo komvera mawu, n'kuikamo kena kakang'ono ngati nyemba, kochokera m'wailesi yakaseti imene inafa kalekale. Kameneka kankafuna moto wakewake, choncho anamangirira batire kumbali ndi tepi yakuda, n'kuwonjezera kabolodi kokweza mawu. Manja awo anali atayamba kunjenjemera, ndiye wowotcherera mawaya ndinali ine, mtsikana wa giredi sikisi. Waya woyera anali wa mawu, wofiira wa batani lodina polankhula, wolukanalukana wotchinga phokoso. Nditapsa chala ndinavina chipinda chonse, iwo akuseka mapewa okhaokha, mawu osatuluka.

Maikolofoniyo tinaiyesa masana omwewo. Amayi anali kukhitchini, chitseko chili chotseka, madzi akutuluka pampopi. Sitinkadziwa kuti dzulo lake adokotala anawaitana amayi paokha n'kuwauza kuti atate sachira.

Atate anadina batani. "Shani, ba Mwape, munimvela?"

Ba Mwape, mnzawo wa ku Chelstone, anayankha mokuwa. "Iyee, ba Zulu! Manje mwamveka monga muli pano pampando! Koma ni ndani alila kumbuyo kwanu?"

Tinayang'anana. Ife tinkangomva madzi. Atate anadzuka pang'onopang'ono n'kukatsegula chitseko. Amayi anali atakhala pansi pafupi ndi sinki, nsonga ya chitenje ili m'kamwa. Atate anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatseka mpopi uja n'kubwerera pawailesi.

"Ni mwana wa ba neba," ananong'ona.

Atatero anazula batire lija n'kundipatsa m'manja. Kuyambira tsiku limenelo wailesi inafunditsidwa nsalu. Masana atate ankakhala pakhonde ndi amayi, fumbi la mwezi wa Okutobala likutera pamapazi awo. Atate tinawaika m'manda mvula yoyamba isanagwe.

Masiku ano foni yanga imasefa yokha phokoso lakumbuyo. Munthu akhoza kulira pambali panga, amene ndikulankhula naye osamva chilichonse. Ana anga amati n'kupita patsogolo, ndipo sindiwatsutsa. Ndimangoganiza kuti atate akanakhala ndi chipangizo chotere, akanatha masabata awo omaliza akukonzekera kubwerera kuntchito, amayi akulira okha kukhitchini.