Inki Yofiira pa Nyimbo ya Bambo Anga

Ndikukumbukira fungo la utomoni wa paini m'nyumba mwathu ku Chinakanaka. Bambo anga ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ndipo anthu ambiri ankawadziwa ndi ntchito imeneyo basi. Koma akaweruka, ankasamba m'manja kawiri kuti girizi achoke, kenako n'kutsitsa kabokosi kakuda pamwamba pa kabati. M'menemo munali vayolini. Anawaphunzitsa kuiimba ndi wansembe wina wokalamba kwawo kutsidya kwa malire, kuseri kwa Milange, iwo ali mnyamata, nkhondo isanawathamangitse. Nkhondo itatha, wansembeyo anawafufuza mpaka anawatumizira vayoliniyo kudzera kwa wamalonda wa pamalire pa Muloza, itakulungidwa m'chitenje ngati khanda.

Inali yokalamba. Nsambo yake imodzi itaduka, bambo anaikapo waya wa buleki ya njinga, ndipo utomoni wopaka pa uta ankawabweretsera mnzawo wonyamulira katundu alendo okwera phiri ku Likhubula. Anthu oyandikana nafe poyamba ankafunsa ngati tikupha mbuzi tsiku lililonse, koma anazolowera. Amayi ankaitcha "mkazi mnzanga," ndipo ankati ili ndi mwayi chifukwa sidya.

Ndili mu Sitandade 5, bambo anamaliza nyimbo yomwe anakhala akuipeka kwa zaka zitatu. Ankaitcha sonata. Anandifotokozera kuti imeneyi ndi nyimbo yaitali yopanda mawu, yokhala ndi zigawo zitatu, ngati ulendo wopuma kawiri panjira. Anailemba m'kope la masamu, akumajambula okha mizere isanu isanu ndi rula yanga, n'chifukwa chake chaka chimenecho ndinakwapulidwa kusukulu kangapo chifukwa chosowa rula.

M'dera lathu lonse munali munthu mmodzi yekha wodziwa kuwerenga timadontho ta nyimbo totchedwa manotsi. Anali aphunzitsi a Nampinga, amene anapuma pantchito ndipo ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu. Anali munthu wosaseka wamba. Wina akaphonya mawu m'kwaya, sankakalipa. Ankangotsitsa magalasi n'kumuyang'ana mpaka iye yekha atakhala pansi. Bambo anakawapatsa kopelo ndi manja awiri, n'kupempha kuti aliwone, ndipo ngati lili bwino, awalole kuimba nyimboyo m'tchalitchi Misa ikatha.

Kopelo linakhala kumeneko masabata awiri. Masiku amenewo bambo sankadya bwino. Tsiku lina anamangirira tayala panjinga ya munthu ataiwala kuikamo chubu, n'kuyamba kupopa, mwininjinga akungoyang'ana.

Anatiitana Lamlungu masana. Kunali chiperoni, kamvula kaufa kaja kamene sikamveka padenga koma kamalowa mpaka m'mafupa, ndipo phiri lonse linali litabisika. Amayi anandisenzetsa nanazi ziwiri zokapereka moni. Bambo anabisa kabokosi kaja m'jekete, iwo n'kumanyowa. Tinadutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi, matope ofiira akumata kuzidendene.

A Nampinga anatilandirira pakhonde. Panalibe poika kope, choncho anandiuza kuti ndiime kutsogolo kwa bambo nditalitsegula. Apa ndi pomwe ndinaona inki yofiira. Inali paliponse. Mizere, mitanda, timawu m'mbali, monga momwe linkaonekera kope langa la Chingerezi. Ndinayang'ana nkhope ya bambo. Anayamba kukunga nsambo zomwe zinali zitalefuka ndi chinyezi.

Aphunzitsi anayankhula pang'onopang'ono, akuloza ndi cholembera. Anati chigawo choyamba chinali chokoma, koma pamalo awiri bambo anabwereka nyimbo ya m'tchalitchi osadziwa, ndipo anaiimba ndi pakamwa kuti bambo amve okha. Bambo anaseka mwamanyazi n'kuvomera. Anati penapake bambo analemba manotsi asanu pamene pankafunika anayi, ngati munthu wokweza anthu ochuluka panjinga imodzi. Chigawo chachitatu, chovinitsa chija, anachiyamikira kwambiri. Kenako anatsegula pakati, pomwe panali mzere wofiira wodutsa tsamba lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Koma apa, a Muhiwa, mwasochera," anatero. "Manotsi awiri omwewo, kubwereza, kukhala chete, kubwerezanso. Nyimbo siikupita kulikonse. Anthu adzagona. Chotsani tsamba lonseli."

Bambo anati, "Ndamva, aphunzitsi." Anatero ndi mawu omwe ankayankhira apolisi pa Muloza.

Sindikudziwa chomwe chinandilowa. Ndinali mwana woleredwa bwino, wodziwa kuti akulu akamayankhula mwana amakhala ngati mpando. Koma tsamba limenelo ndinali nditalimva kambirimbiri ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi zonse ndinkasiya kutsuka. Ndinangomva pakamwa panga patatseguka.

"Musachotse pamenepo!"

Madzi ankadontha kuchokera pamalata kugwera m'chidebe. Bambo anandiyang'ana ndi diso lomwe limatanthauza kuti tikaonana kunyumba. A Nampinga anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana.

"Filomena," anatero aphunzitsi, "wayamba kale. Malizitsa. Chifukwa chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. "Pamenepo pali munthu akuitana mnzake. Ngati amayi akamandiitana ndili kumtsinje. Koma mnzakeyo sakuyankha. Ndiye amadikira, n'kuitananso."

Bambo anakhala pabenchi, vayolini ili pamiyendo. Anapukuta nsambo ndi chala chachikulu. Kenako anayamba kuyankhula, osayang'ana aliyense wa ife. Anati pothawa nkhondo anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anagwira dzanja mlongo wawo wamng'ono, dzina lake Roza. Tsiku lachitatu la ulendo, mfuti zinalira pafupi, anthu anabalalika m'tchire, dzanja lija linapulumuka. Anamuitana tsiku lonse mpaka mawu anatha, akulu n'kuwakoka kuti awoloke mtsinje. Sanamuonenso. Manotsi awiri aja anali dzina lake.

Ine sindinkadziwa kuti ndinali ndi azakhali. M'nyumba mwathu dzina limenelo linali lisanatchulidwepo.

A Nampinga anavula magalasi n'kuwaika m'thumba la malaya. "Imbani tsamba limeneli," anatero. Bambo anaimirira n'kuimba. Waya wa buleki uja unali ndi mawu okhakhala pang'ono, ngati pakhosi pa munthu amene wafuula nthawi yaitali. Akazi awo a aphunzitsi, amene ankabwera ndi tiyi, anaima pakhomo ndi thireyi m'manja mpaka bambo anatsitsa uta.

Ndinkaganiza kuti tsopano aphunzitsi anena kuti zonse zili bwino. Sanatero, ndipo lero ndi chimene ndimawalemekezera.

"Ndinawerenga ndi maso okha, ndinasiya makutu m'chipinda," anatero. "Mwanayu wandikonza. Tsambali likhale. Komabe, a Muhiwa, mwaitana kakhumi ndi kanayi. Inu munaitana tsiku lonse, n'zoona, koma womvera sangapirire zomwe munapirira inu. Itanani kasanu ndi kawiri, ndipo nthawi iliyonse kudikirako kuzitalikirako. Ndiponso ndabweza mawu anga pa chigawo chomaliza chija. Munthu amene sanayankhidwe sayamba kuvina nthawi yomweyo."

Anatenga cholembera chija n'kulemba mawu atsopano pambali pa mzere wawo womwe. Bambo anati "obrigado," mawu a Chipwitikizi omwe ankangowatulutsa mtima ukadzaza. Tinamwa tiyi atazizira kale.

Nkhani yoti ndadula mawu a akuluakulu inafika kunyumba ife tisanafike. Akazi a aphunzitsi anali ndi mphwawo pafupi ndi kwathu. Amayi anandigamula kuti sabata yonse sindipita kukasewera fulaye, ndipo ndikaweruka kusukulu ndizisenda nandolo, dengu lathunthu. Anagamula ndi mawu aukali ndithu, koma maso awo anali ofiira, chifukwa iwo za Roza ankazidziwa kalekale. Lolemba madzulo, ndili pamkeka zala zitada ndi nandolo, bambo anaweruka msanga, anakhala pambali panga n'kuyamba kusenda nawo. Amayi anadutsa n'kunena kuti, "Bambo a Filomena, chilango si chanu." Bambo anayankha kuti akungothandiza mphunzitsi wawo.

Anakonza nyimboyo miyezi ina isanu. Ankapita kwa a Nampinga pafupifupi Lamlungu lililonse, ndipo nthawi zina ndinkawamva akutsutsana mokweza pa kanoti kamodzi, ngati anthu olimbirana malire a munda. Chigawo chomaliza anachilembanso chonse. Chinayamba mwakachetechete, ngati munthu amene akuphunzira kuyenda atadwala, ndipo kuvina kunabwera kumapeto kwenikweni, pang'ono chabe.

Anaiimba m'tchalitchi nyengo ya Pasaka, Misa itatha. Sindinganame kuti aliyense anaikonda. Ana ankaseka, ndipo mkulu wina wa mpingo anagonadi mpaka kuliza mkonono. Koma pamzere wakumbuyo panali amayi achikulire angapo omwe nawonso anachokera kutsidya nthawi ya nkhondo. Palibe anawafotokozera kanthu. Pofika pa kuitana kwachinayi, mmodzi anaphimba nkhope ndi mpango, ndipo titatuluka anagwira bambo dzanja nthawi yaitali akuwayankhula m'Chilomwe motsitsa mawu.

A Nampinga anatisiya kalekale. Bambo akadalipo, ngakhale zala zinayamba kuuma ndipo njinga anasiyira achinyamata. Masiku ano mwana aliyense wa ku Chinakanaka akhoza kupeka nyimbo pa foni m'mawa, pofika masana anthu a ku Lilongwe ndi ku Joni aimva kale. Zimenezo n'zabwino, sindikudandaula. Koma sindikudziwa ngati alipo amene angasunge ntchito ya mnzake masabata awiri, n'kuiwerenga kadontho ndi kadontho, n'kulimba mtima kunena kuti apa mwasochera, kenako n'kuvomeranso pamaso pa mwana kuti ndinalakwa ndine.

Chaka chatha ndinawajambula bambo pa foni akuimba sonata ija, n'kutumiza kwa anzanga ndi abale. Mayankho anabwera ambiri, ndipo ndinawawerengera onse: "Zokoma kwambiri." "Madala ndi katswiri." Ena anangotumiza timitima ndi timanja towomba. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Palibe amene wapeza cholakwika?" anafunsa.

Ndinati palibe.

Anapukusa mutu, akutseka kabokosi kawo. "Ndiye kuti sanamvetsere. Pachigawo chachiwiri paja ndinaphonya kawiri."