Tsiku Limene Ababa Anandikana Mumpanda wa Sola

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali sitandade faifi, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene munda wathu unalowa mumpanda. Tinkakhala kumapeto kwa esiteti ya tiyi, cha ku Makwasa, pamene mizere ya tiyi inkathera. Kuseri kwa nyumba zathu kunali chitunda chimene esiteti sinkalimapo kanthu. Makolo a amayi, atabwera kuchokera ku Mozambiki kudzagwira ntchito ya tiyi, analoledwa kumalimapo. Panalibe pepala, anali mawu apakamwa basi. Mabanja ambiri ankadalira pamenepo: chinangwa, nandolo, kalongonda, nthochi m'mphepete. Ife tinalinso ndi mtengo wa mapeyala umene agogo aamuna anabzala.

Tsiku lina kunabwera anthu ovala zipewa zolimba, akuyeza malo ndi kukhoma zikhomo zofiira. Tinamva kuti esiteti yabwereketsa chitundacho kwa kampani ina yopanga magetsi a dzuwa. Ana tinasangalala. Kusukulu tinkakangana za amene kwawo kudzayambe kuyaka babu. Ine ndinkangoganiza zowerenga popanda kudikira kuti tochi ya amayi ikhale ndi mabatire.

Mathalakitala anabwera nandolo ali maluwa. Ndimamvabe fungo la dothi lofiira losakanikirana ndi chinangwa chanthete chophwanyika. Amayi anaima chapatali ndi dengu lopanda kanthu. Patapita miyezi, chitunda chonse chinadzaza magalasi akuda a sola, oyalidwa m'mizere, othobwa m'maso dzuwa likaswa mtengo. Nthambo zinadutsa pamwamba pa madenga athu kulowera kumzinda, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inatsikira kwathu. Njira yakuchitsime nayo inatsekedwa, moti tinkazungulira mpanda wonse ndi zidebe pamutu.

Ababa anapeza ntchito yokumba maenje. Ntchitoyo itatha anzawo ambiri anachotsedwa, koma iwo anasungidwa ngati mlonda. Anawapatsa yunifolomu yabuluu ndi nsapato za jombo. Ena m'mudzi ankawachitira nsanje, ena anasiya kuwapatsa moni. Kwa ife, munda utapita, ntchito imeneyo ndi kuthyola tiyi kwa amayi ndi zimene zinkatisunga.

Mtengo wa mapeyala sanaudule chifukwa unali pakona, mthunzi wake sunkafika pamagalasi. Unatsala mkati, mapazi ochepa kuchokera pawaya. Itafika nyengo yanjala tinkadya kamodzi patsiku, ndipo kamlongo kanga Yohane kankalira mpaka kugona. Pobwera kusukulu ndinkaima pawaya, kuyang'ana mapeyala akugwa okha n'kumawolera pansi.

Masana ena ndinaona kuti mvula yakokolola dothi kunsi kwa mpanda. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinasiya makope muudzu n'kukwawa. Mkatimo munali kutentha kwachilendo, ndi kaphokoso kosalekeza ngati njuchi zili m'phanga. Ndinatola mapeyala okwana m'siketi ya yunifolomu. Mumtima mwanga sindinkaba ayi. Ndinkatola za mumtengo wa agogo.

Potembenuka ndinapeza anthu awiri ataima. Mmodzi anali kapitawo wa alonda, munthu wa ku Blantyre amene sankadziwa aliyense wa kwathu. Winayo anali ababa.

"A Nakoma," anatero kapitawoyo, "inu si a konkuno? Mwana wa ndani ameneyu?"

Ababa anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana jombo zawo.

"Sindikumudziwa, bwana. Mwina ndi wa kutsidya."

Kapitawo anandiloza ndi chala.

"Ndiye m'patseni phunziro akawauze anzake. Apo ayi tipite naye kupolisi."

Ababa anathyola kanthambi ka mtengo womwewo. Anandigwira dzanja n'kundikwapula m'miyendo. Poyamba ndinaluma mano. Kenako ndinazindikira kuti kapitawo akudikira kulira kwanga, ndipo kuti ababa sasiya mpaka iyeyo amve kulirako. Ndinalira. Kapitawo anawerama, anasankha mapeyala awiri aakulu n'kuika m'thumba la jekete lake. Ena onse anatsala pansi. Ananditulutsira pageti, ndipo ndinazungulira mpanda ndikutsimphina kukatenga makope anga.

Amayi atabwera kuchokera kutiyi anaona mikwingwirima ija. Nditawafotokozera, sanafunse zambiri, anangotenthetsa madzi n'kumandithowa. Dzuwa likulowa ababa anafika, nakhala pakhonde osavula jombo.

"Bambo a Edina," anatero amayi motsitsa mawu, "mwana wanu yemwe?"

"Ndikanati ndi wanga, mawa yunifolomuyi ikanavalidwa ndi wina. Mukanadya chiyani? Munda uli kuti?"

Ababa anandiitana, ine sindinasunthe pamene ndinakhala. Analankhula choncho, nkhope atalozetsa kuchitunda.

"Edina mwana wanga, chinthu chikalowa mumpanda si chakonso, ngakhale unachibzala ndi manja ako. Usadzaiwale."

Mlungu wotsatira mtengo uja unadulidwa, akuti unkaitana akuba. Ababa anali mmodzi wa amene anapatsidwa nkhwangwa. Ine ndinatha mwezi osawalankhula. Ndikawapatsa madzi osamba m'manja ndinkayang'ana kumbali. Chaka chisanathe kampani inabweretsa alonda a kumzinda okhala ndi agalu, ndipo ababa anachotsedwa pamodzi ndi anzawo onse a m'mudzi. Anabwerera kukathyola tiyi wa nyengo, ntchito ya miyezi yamvula yokha. Nkhani ya tsiku lija sitinaikambenso mpaka lero.

Sukulu ndinalekezera fomu wanu. Panopa nanenso ndimathyola tiyi, dengu kumsana, ndipo ndili ndi mwana wamkazi. Magalasi aja akadalipo, anawonjezeranso ena kumunsi kumene kunali nthochi. Kwathu kukadali mdima.

Kale ndinkaganiza kuti ababa anasankha ntchito kusiya ine. Tsopano ndikudziwa kuti panalibe chosankha. Munthu amene alibe pepala la malo amene akupondapo amakhala ndi zochepa zimene angazitchule zake pamaso pa bwana, ndipo tsiku lina ngakhale mwana wake sakhala m'gulu la zimenezo. Ndinawakhululukira, koma kukhululukako sikunabweze kanthu. Mwana wanga akaloza chitunda n'kufunsa kuti zonyezimirazo ndi za ndani, ndimamuuza kuti ndi za eni ake, ndipo asadzayandikire waya. Ndafufuza mumtima mwanga, koma ndilibe china chabwinoko chomuphunzitsa.