Ndinapita ngati Gadiyani

Tinanyamuka ku Mphunzi chifunga chisanachoke pa mathanthwe, ine ndi akunyumba kwanga, a Nangozo. Odwala anali iwowo. Ng'ala inali itaphimba diso lawo lakumanja, loyera ngati mkaka. Ine ndinali gadiyani basi. Ndineneretu: sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma pa nkhani ya maso panalibe wondiposa. Ndinakalambira pa nsanja ya moto pa Phiri la Dedza, kulondera mitengo ya paini. Utsi ukangoyamba kufuka kutali, woyamba kukuwa ndinali ine, ndipo mawu anga ankafika mpaka kwa ocheka matabwa kunsi.

Wakabaza wa njinga yamoto anatinyamula tonse awiri pa K6,000 mpaka pa Chimbiya. Msewu wake mabampu okhaokha. Pofika msana unali utatheratu. Poti tioloke phula ndinawagwira mkono.

"Tsatani ine, a Nangozo. Inu simuona."

Asanayankhe anandikoka jekete mwamphamvu. Njinga ya makala inadutsa kumanzere kwanga, thumba n'kundikwecha phewa.

"Iwe, ukuyenda ngati mfiti bwanji?" ndinakalipa, msika wonse n'kucheuka.

"Ndachokera kutalitu, madala, nkhope yanu ili konkuno," anatero mwini njinga osaima.

"Sabata yatha inali mbuzi, lero njinga," anatero a Nangozo. "Zonse zikungotulukira kumanzere kwanu, bambo a Lute."

Ndinawauza kuti anthu a masiku ano amayenda mozemba.

Minibasi ya ku Lilongwe, K8,000 aliyense, anayi pampando, thumba la kachewere litandipsinja mapazi. Ndinayamba kuwafotokozera anzanga za moto wa paphiri, koma kondakitala anati, "Agogo, tsitsani pang'ono, wailesi tili nayo kale." Pa Nathenje tinagula chimanga chootcha pawindo, cholimba ngati miyala. Ndinangochisunga m'thumba.

Ku chipatala cha maso tinafika dzuwa litakwera. Mabenchi odzaza, okalamba okhaokha, ena atamatidwa thonje. Tinasuntha benchi ndi benchi mpaka miyendo inachita dzanzi. Atatha kuwaona a Nangozo, namwino anandilozera mpando.

"Nanunso, abambo. Wa imvi aliyense timamuyeza."

"Ine ndine gadiyani, amayi. Khwangwala ali pa denga la uko ndikumuona."

"Sitikuyeza kutali. Ikani chibwano apa."

Kachida kake kanandiuzira kamphepo m'diso, fuu, kenako linalo. Namwino uja atawerenga zotsatira anandipititsa kwa adokotala mosataya nthawi.

Adokotala anandiunika ndi nyali, n'kunditsekera diso lakumanja.

"Yang'anani mphuno yangayi. Mukaona dzanja langa likubwera chakumbali, munene."

Ndinadikira. Ndinadikirabe.

"Yambanitu, adokotala, tikuchokera kutali ife."

Kumbuyo kwanga a Nangozo analankhula chapansipansi. "Ayamba kale, bambo a Lute."

Dzanja lija linali litatsala pang'ono kundikhudza tsaya.

Anati matendawa ndi gulokoma. Madzi a m'diso satuluka bwino, ndiye amapanikiza mtsempha ngati chubu chopopedwa mopitirira. Sapweteka. Amayamba kudya m'mbali, pakati n'kumaonabe bwinobwino, mwiniwake osadziwa kanthu.

"Ndiye muchotse ngati ng'ala," ndinatero.

"Ya amayiwa tichotsa mwezi wamawa, adzaona. Zanu zimene zapita sizibwerera. Koma lakumanjali silinadyeke, langokwera mphamvu. Mwabwera nthawi yabwino. Dontho m'mawa, dontho madzulo, moyo wanu wonse, ngakhale diso lisakupweteka. Ana anu ndi abale anu abwere ayezedwe."

Ndinakumbukira malemu bambo anga, amene anachita khungu maso awo ali oyera bwinobwino. Ife tinkati analodzedwa chifukwa cha dimba. Ndinalandira kabotolo ka mankhwala kwa adokotala. Ndinangoti zikomo, mawu anga ngati a munthu wina.

Pobwerera sindinamufotokozere aliyense za moto. Ndinagwira kabotolo ka mankhwala m'thumba, pambali pa chimanga chija, mutu ukugunda windo. Pa nsanja ndinkazungulira mbali zonse ndisananene kuti kuli bwino. Nditasiya ntchitoyo ndinayamba kukhulupirira za kutsogolo zokha. Inu a imvi anzanga, diso losapweteka musalitame, kaliyezetseni. Ndatopa nawo ulendo umenewu, koma ndidzaubwereza ndi mwana wathu Lute kuti naye akayezedwe.

Tinatsika pa Chimbiya dzuwa likupendeka, mphepo ya kwathu itayamba kuluma. Ndinaima m'mphepete mwa phula, magalimoto akudutsa, osaponda.

"A Nangozo," ndinatero, "imani kumanzere kwangaku. Diso lanu labwino lili mbali imeneyo."

"Chiyambire dzinja ndimayenda kumeneko, bambo a Lute," anatero. "Simunandione."

Anandigwira mkono, tinaoloka.