Pensulo ya aBuluzi

Malume anga anatha zaka 34 akuwerenga mamba a abuluzi ndi njoka. Anthu a mumsewu mwathu ankangowaitana kuti aBuluzi, iwo n'kumayankha. Ntchito yawo ku yunivesite inali yosiyanitsa mitundu ya zokwawa. Ankaika kagalasi padiso, kasingano m'manja, n'kumawerenga mizere ya mamba kuzungulira thupi. Kwa ine buluzi wa mizere 26 ndi wa mizere 30 onse ndi abuluzi basi. Kwa iwo anali osiyana ngati mbuzi ndi nkhosa.

Atapuma ntchito anabwera ndi mabotolo 312, n'kuwandanda pamashelefu m'chipinda chakuseri. Akazi awo, azakhali, ankati, "Anzanu akapuma amabwera ndi firiji, inu mwatibweretsera maliro."

M'botolo lililonse munali chokwawa chimodzi chonyikidwa m'sipiriti, chomangiriridwa kapepala ndi ulusi. Pakapepalapo panali nambala, tsiku ndi malo amene anachigwira, zonse zolembedwa ndi pensulo. Ankanyadira kwambiri nambala 207, kabuluzi kotuwa kotalika ngati chala, ka mizere 31. Ankati mtundu wake sunalembedwepo m'buku lililonse. Chinangotsala n'chakuti akatswiri anzawo adzakaone n'kuvomereza.

Kenako maso awo anachita ng'ala. Ali gone m'chipatala, kunabwera kalata yoti akatswiri aja akubwera kudzatenga mabotolo onse kuti akawasunge bwino.

Ine ndimagulitsa makope ndi zolembera pakhonde la sitolo ina. Nditaona timapepala tija titasanduka tachikasu, ndinachita manyazi. Anthu ophunzira adzapeze pensulo ngati ya mwana wa sitandade wani? Ndinasankha zolembera za inki yakuda, zabwino kuposa zonse pa katundu wanga. Ndinkalembanso timapepala 26 patsiku, masiku 12, ntchito inatha. Mabotolo ndinawayala monga ndimayalira malonda, aang'ono pamwamba, aakulu pansi. Timapepala takale azakhali anatentha pamodzi ndi zinyalala.

Malume anatuluka m'chipatala asakuonabe, opaleshoni italephera. Ndinawagwira dzanja kulowa nawo m'chipinda muja kuti ndiwasangalatse.

"Mphwanga, shelefu yachitatu, botolo lachisanu. Tandiwerengera kapepala."

"Ndinasuntha, malume. Koma musadandaule, manambala ndinalembanso bwinobwino."

"Unalemba ndi chiyani?"

Ndinanyamula botolo limodzi n'kuliunika pawindo. Sipiriti anali atada pang'ono, kapepala kali mbee. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinafika la khumi ndisanayankhe.

Malume anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala. "Sipiriti amadya inki, mphwanga. Pensulo sadya. Unkaganiza kuti zaka zonsezi ndinkasowa cholembera?"

"Koma malo ake mukuwakumbukira, malume. Tilembanso."

"Ndilembe pa buluzi uti? Totuwa tilipo 41."

Akatswiri anabwera awiri, bambo ndi mayi. Anazungulira chipinda mwaulemu, n'kumwa tiyi. Mayiyo anati chokwawa chosadziwika kumene chinagwidwa sichingakhale umboni wa kanthu, ndipo zokumbukira pamtima sizilowa m'buku. Anapita osatenga botolo ndi limodzi lomwe.

Ine sindinagwe ulesi. Ndinati 41 si nambala yoopsa, tiwiri pa Lamlungu lililonse, miyezi isanu tapeza wa mizere 31. Malume anandipatsa kagalasi kawo, n'kundiphunzitsa poyambira kuwerenga. Koma timamba ta totuwato n'tating'ono kuposa mchenga. Buluzi mmodzi yemweyo ndimapeza 29, ndikabwereza 31, kachitatu 30.

Masabata oyamba ankati, "Yambiranso." Tsopano ndafika pa botolo la 19, ndipo sakufunsanso kuti ndapeza zingati. Amangokhala pampando paja, kutembenuzatembenuza kapensulo kawo kofupika m'manja.

Dzulo azakhali anasuzumira pakhomo. "Bambo, mabotolo aakuluwo nditsukeko awiri? Shuga akutha ndi nyerere."

"Tengani, mayi," anatero malume. "Musankhe a zivindikiro zabwino."