Ndinapita ku Nathenje Kukatsanzika

Ndinanyamuka pa Mitundu Lachiwiri, 6 koloko m'mawa, mwezi wa Okutobala. Mkazi wanga ndinamuuza kuti ndikukaona achemwali anga ku Nathenje, koma kunena zoona ndinkapita kukatsanzika. Kwa masabata atatu mutu unkandiwawa, ndikaimirira chizungulire, mkodzo uli bii ngati tiyi wopanda mkaka. Achimwene athu anapita ndi matenda a impso, ndiye ndinangoti basi, yanga yakwana.

Minibasi ya K3,000 inadzaza mpaka kondakitala kutulutsa mutu pawindo. Ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wonyamula dengu la tomato. Tikudutsa pa Bunda, anandiyang'ana n'kutulutsa botolo.

"Imwaniko bambo, milomo yasweka imeneyo."

"Zikomo mayi, ine madzi sindiwakonda."

"Nanga iwo akulakwirani chiyani?"

Anthu anaseka. Ine kuseka kunandikanika.

Cha m'ma 8 ndinatsika pamphambano, pamene msewu wathu umakumana ndi waukulu wopita ku Dedza. Ndinagula chinangwa chokazinga, koma ndinangolumako kamodzi n'kuchisiya. Minibasi yachiwiri, ya K2,500, inanditula pa Nathenje dzuwa litayamba kuluma.

Achemwali ndinawapeza akusankha mtedza pakhonde. Nditangoyamba kunena za amene adzasamale ana anga, anaika lichero pansi.

"Achimwene, kuchipatala mwapitako?"

"Ndikuopa zimene akandiuze."

"Ndiye mwabwera kudzandiliza musanayezetse n'komwe? Dzukani."

Kuchipatalako tinakhala pamzere mpaka 11 koloko. Anandiyeza malungo, shuga ndi mkodzo. Kenako namwino anabwera ndi pepala la zotsatira.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ndimaumba njerwa n'kuotcha."

"Patsiku mumamwa madzi ochuluka bwanji?"

Ndinawerenga ndi zala. "Tiyi m'mawa. Kapu ya madzi ndikamadya masana."

"Nanga dothi mumalithira angati?"

"Aaa, limenelo ndiye migolo."

"Dothi migolo, mwini wake kapu imodzi! Sitinapeze matenda, thupi lanu langouma. Muzimwa malita awiri patsiku, ndipo mukakhala pauvuni kutentha kuno muziposa pamenepo. Osadikira ludzu. Mkodzo ukayamba kuyera, dziwani kuti zili bwino. Zikapanda kusintha pakatha sabata, mubwerenso."

Ndinatuluka ndikupepuka ngati ndatula thumba la simenti. Achemwali anandigulira botolo lalikulu pagolosale, n'kuima pomwepo mpaka nditalimaliza.

Mavuto ake ndinawaona pobwerera. Tisanafike n'komwe pamphambano ndinali nditaimitsa kale minibasi.

"Adalaivala, pepani, kathengo pang'ono!"

"Madala, mwamwa chiyani?" anafunsa kondakitala.

"Mankhwala," ndinatero, ndikuthamangira kuseri kwa chulu.

Ndinafika pa Mitundu cha m'ma 4, ndipo mkazi wanga ndinamuululira zonse. Anandiyang'ana, misozi ili lengelenge. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi chigubu cha malita asanu, n'kuchimangirira panjinga yanga ndi lamba wa thayala.

"Chizibwera chopanda kanthu," anatero.

Pofika Loweruka mutu unali utasiya. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziwa kuti dothi louma siliumbika, koma zinatengera minibasi zinayi kuti ndidziwe kuti nanenso ndine dothi.