Thobwa pa Phiri la Moteng

Tinanyamuka kwathu ku Block 10 amisiri a nyumba yoyandikana nafe asanayambe kukanda simenti. Ulendo unali wa ku Mokhotlong, m'mapiri a Lesotho. Sukulu imene Bambo ankaphunzitsako masamu kuno ku Gaborone inali itawauza kuti kontirakiti yatha, ndipo kontirakiti ikatha pemiti nayo imatha. Sukulu ina ya kumapiriko inawaitana kuti akayese mwayi. Akalephera, tonse tibwerera ku Dedza, kumene ine ndimangokudziwira pa maliro.

Ndinapita nawo chifukwa kusukulu anali atandipumitsa. Nkhani yake inali ya buluzi ndi chikwama cha aphunzitsi a Setswana. Buluziyo sanavulale.

"Mtengeni Thoko wanuyu," anatero Amayi. "Akatsala pano mudzandipeza kupolisi." Anandipatsa botolo lalikulu la thobwa atalitseka ndi mphamvu zawo zonse, kenaka anatsitsa mawu. "Koma abambo a Thoko, chifuwa chanucho. Akuti kumeneko n'kokwera."

"Ine mwana wa ku Dedza? Mapiri ndinabadwira momwemo," anatero Bambo.

Bambo anadwalapo chifuwa chachikulu ine ndili khanda. Anachira, koma akamakwera masitepe amaima pakati n'kumanamizira kuyang'ana foni.

Basi inatidutsitsa pa chipata cha m'malire cha Tlokweng dzuwa likutuluka. Ku Zeerust tinadya magwinya, mandasi a kuno amafuta ngati anagwera m'chigubu. Tinagona ku Johannesburg kwa msuweni wa Amayi, m'mawa mwake tinakwera kombi mpaka ku Ficksburg, n'kuwoloka mlatho wapansi kulowa m'Lesotho. Thobwa lija tinaliiwala pansi pa chikwama, likusasa ndi kutentha.

Ku Butha-Buthe tinakwera kombi yomaliza. Ndinali nditagwira kale mpando wa pawindo pamene anafika mwamuna wonenepa wa jekete loyera, wogulitsa inshuwalansi ya maliro. Sanapemphe. Anangondikankha ndi chigongono, nati, "Sendera, kamtsikana." Chisotho ndi Setswana n'zapachibale, ndinamumva bwinobwino. Ndinasendera, koma ndinamusunga mumtima.

Msewu unayamba kukhotakhota kukwera phiri la Moteng. Kombi inkabuula ngati ikudandaula za moyo wake. Makutu anga anatseka, ndikameza malovu n'kutseguka, n'kutsekanso. Paketi ya tchipisi imene ndinagula kumunsi inatupa ngati pilo. Apa ndinakumbukira phunziro limodzi la sayansi limene sindinagone: mpweya umalemera, umatipanikiza mbali zonse, koma ukamakwera umachepa. Wotsekeredwa m'paketi umakhalabe ndi mphamvu za kumunsi, ndiye umakankhira kunja. Ndinapisa dzanja m'chikwama. Botolo la thobwa linali gwa ngati mwala.

Ndinalipereka kwa wa jekete loyera uja ndi manja awiri, monga Amayi anandiphunzitsira, n'kumutchula Ntate, mawu aulemu oitanira abambo kumeneko. "Ntate, chakumwa cha kwathu ku Malawi. Lawani."

"Ana aulemu alipobe," anatero akumwetulira, n'kupotokola chitsekero.

Thobwa linafika kudenga, n'kubwerera. Jekete loyera linasanduka la mtundu wa chimera, mapepala a inshuwalansi akudontha. Mayi wina wofunda bulangete kumbuyo anaseka mpaka kutsokomola, dalaivala akumenya chiwongolero. Ine ndinaseka mpaka misozi. Sindinapepese tsiku limenelo, ndipo musayembekeze kuti ndipepesa pano. Windo linali langa.

Ndinadikira dzanja la Bambo kuti lindikoke khutu. Silinabwere. Nditacheuka ndinawapeza atatsamira mpando wakutsogolo, pakamwa yasa, milomo itatuwa. Thobwa linali litawagwera pa tayi koma sanalipukute.

"Bambo?"

"Ndi... mafuta... a magwinya," anatero.

Tinafika ku Mokhotlong madzulo, mphepo ikucheka makutu. Za kuchipatala Bambo anakana. Sanadye, mutu unkawawawa, ndipo kugona anagona chokhala chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa. M'mawa anavala suti yawo ya kutchalitchi. Sukuluyo inali pa kamtunda kochepa kwambiri, koti ine ndikanathamanga, koma tinaima panjira mobwerezabwereza. Foni sanaitulutse n'komwe.

Aphunzitsi aakulu, mayi wa mawu ofatsa, anawapatsa Bambo kalasi kuti awaone akuphunzitsa. Ine ndinasuzumira pawindo. Bambo analemba samu pa bolodi ndi zilembo zawo zokongola zija, anatembenuka, n'kuyamba kufotokoza. Mawu atatu, kupuma. Mawu awiri, kupuma. Ana anayamba kuyang'anana. Ndikanakhala m'kalasimo ndikanakhala woyamba kuwayeserera, ndikudziwa. Koma anawo anangokhala chete, ndipo chete ameneyo anandiwawa kuposa kuseka. Kenaka Bambo, amene amati mphunzitsi wokhala pansi ndi wakuba, anakoka mpando n'kukhala.

Aphunzitsi aakulu aja anatiperekeza okha kukiliniki. Nesi anawapana chala ndi kachipangizo, anayang'ana nambala, n'kuwayang'ana iwo.

"Ntate, mapapo anu ali ndi zipsera. Kuno mpweya ndi wopepuka, mukakoka kamodzi magazi amalandira zochepa. Wa mapapo abwino amazolowera. Inu tsikani lero."

"Ndizolowera, mwana wanga. Mundipatse sabata imodzi."

"Mukufuna mtsikanayu abwerere yekha?"

Aphunzitsi aakulu anawagwira Bambo dzanja nthawi yaitali, n'kutigulira buledi wa panjira. Za ntchito palibe anatchulanso.

Kombi yotsika inathamanga. Makutu anatsekanso, botolo la madzi limene ndinatseka kumtunda linafwaphira lokha ngati wina walifinya. Pofika ku Butha-Buthe milomo ya Bambo inali itabwerera mwakale. Anadya mbale yonse ya nyama ndi masamba, napempha tiyi. Atamaliza anapuma mozama, kawiri, ngati akuyesa nsapato zatsopano.

"Thoko, ukuona? Ndapeza bwino. Mwina tibwerere tikalankhule nawonso."

"Bambo, mwapeza bwino chifukwa tatsika."

Ndinkafuna andikalipire, anditchule wamwano, chilichonse. Anangoitana wogulitsa n'kufunsa komwe kombi za ku malire zimaima.

Pa ulendowu ndaphunzira kuti kutipanikiza kwa mpweya n'kumene kumatisunga. Ukapita koti sukukupanikiza, magazi amasowa chogwira. Zimenezi m'buku zinali ndime imodzi yokha, ndipo sanalembemo kuti zingathe kulanda munthu ntchito.

Tinafika ku Block 10 masana, fumbi la simenti lili kobo. Amayi anali pageti, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Anayang'ana nkhope ya Bambo, kenaka yanga, kenaka suti.

"Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino," anatero Bambo, mawu ali omveka, mpweya uli wokwanira. "Amayi a Thoko, mawa mukadzere kushopu ija ya pakona. Mukawapemphe azitisungira makatoni olongezeramo katundu."