Ndavulanso chipewa, a Mbewe

A Mbewe, lero abwana atiuza kuti kampani yathu ya opera, masewero oimba aja, siipitanso kukaimba ku Newcastle, ndiye ife onyamula katundu atichepetsa pantchito. Mwana wanga sanayambe n'kuyenda komwe. Ndatulutsa foni kuti ndikufunseni zochita, kenako ndakumbuka kuti tinakuikani m'manda chaka chatha.

Tsiku limene munandilowetsa ntchito kuno ku Leeds, ku Mangalande, mayi wina anakuwa pasiteji ya masewero. Ine ndinatula bokosi n'kuvula chipewa, kuyesa maliro. Munaseka, amvekere, "Iwe, akuyeserera nyimbo. Ameneyu amafa Lachisanu lililonse, nyamula." Pamaliro anu panalibe wolira mokweza, anthu ankathamangira kushifiti.

Masana ano mayi yemweyo wakuwanso. Ndavula chipewa, ndipo palibe wandiuza kuti nyamula.